FOMU YOPANDA MALO A "SINDIKUDZIWA"

Pa 24 Meyi 2017 idayamba ntchito yaikulu ya kalembera wa zitupa za unzika m'dziko muno, ndipo Mchinji lidali limodzi mwa maboma oyamba kufikiridwa. M'midzi ya kwa Mfumu Kapondo, monganso kwa Mkanda, kwa Dambe ndi kwa Mlonyeni, anthu adalawirira kukaima pa mizere, ena atanyamula kalata ya nyakwawa, ena chiphaso chakale cha mavoti. Alembi adafika ndi mabokosi okhala ndi kompyuta, kamera, kachipangizo kotengera zidindo za zala ndiponso sola yoperekera moto. Bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP, lidamwaza mabokosi otere pafupifupi 2,000 m'dziko lonse, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho anthu oposa 9 miliyoni, a zaka 16 kupita m'tsogolo, adali atalowa m'kaundula.

Pa mizere yotere pamachitika kawirikawiri kankhani kamene aliyense amene adagwirapo ntchito ya ulembi kumudzi akukadziwa. Gogo wachikulire amafika pa tebulo, nakhala pansi, ndipo mlembi wachinyamata amayamba mafunso.

"Agogo, mudabadwa liti?"

"Aa, mdzukulu wanga, zimenezo ndani ankalemba? Amayi ankati kudali nyengo yokolola mapira."

"Nanga chaka chake, agogo?"

"Pamene a Kamuzu ankafika m'dziko muno ndidali nditayamba kupita ndekha kuchitsime."

Gogoyo wanena zoona zokhazokha, ndipo wanena zonse zimene akudziwa. Dr Banda adabwerera kumudzi pa 6 Julayi 1958, choncho munthu woganiza bwino angathe kuona kuti mayiyu adabadwa cha m'ma 1950, mwina chaka chimodzi kapena ziwiri kutsogolo kapena kumbuyo. Koma pa galasi la kompyuta pali timabokosi titatu, ka tsiku, ka mwezi ndi ka chaka, ndipo kumbuyo kwa gogoyo kuli anthu ena makumi asanu amene dzuwa likuwawotcha. Chimene chilowe m'timabokosi timeneti chidzamtsata gogoyo moyo wake wonse. Gawo lina la yankho lake lili m'manja mwa mlembi, koma gawo lalikulu lidakonzedwa kale ndi munthu wina amene sadafikepo kwa Kapondo, amene adamanga fomuyo.

FOMU YA PEPALA NDI FOMU YA MAKINA

Fomu ya pepala ndi yofatsa. Imalandira chilichonse chimene cholembera chaika: tsiku la 31 Epulo limene kulibe, dzina lolembedwa pa malo a mudzi, ngakhale mawu a m'mphepete onena kuti zaka za munthuyu n'zongoyerekeza. Kufatsa kumeneku kuli ndi kuipa kwake, pakuti cholakwa chimadzaoneka patapita miyezi, mwini wake atabwerera kale kumudzi. Kulinso ndi ubwino wake, chifukwa pepala limasunga kukayika kwa mlembi pamodzi ndi yankho.

Fomu ya makina ili ndi makhalidwe awiri amene pepala lilibe. Choyamba, imatha kudziyankha yokha: munthu asanalembe kanthu, timabokosi tina timakhala titadzaza kale. Limeneli ndilo yankho loikiratu. Chachiwiri, imatha kukana: ikaona kuti yankho silikugwirizana ndi malamulo amene idapatsidwa, imaima osapitirira. Kumeneku ndiko kupima mayankho, ntchito yonga ya mlonda wa pachipata.

Mafomu ambiri a masiku ano amayenda pa intaneti. Munthu amadzaza pa foni kapena pa kompyuta yake, ndipo mayankho amapita ku kompyuta yaikulu yosunga kaundula, imene imatchedwa seva. Akatswiri omanga mapulogalamu otere sayamba ntchito kuchokera pa dothi lokhalokha. Amagwiritsa ntchito chimene amachitcha framework, chimene chingafanizidwe ndi nyumba yoimikidwa kale nsichi, mitanda ndi phaso, yongodikira mmisiri kuti amate ndi kufolera monga mwini nyumba afunira. Zina mwa zodziwika kwambiri ndi Ruby on Rails, imene David Heinemeier Hansson wa ku Denmark adatulutsa mu 2004, ndi Django, imene Adrian Holovaty ndi Simon Willison adayamba kumanga akugwira ntchito ku nyuzipepala ya mumzinda wa Lawrence ku America, ndipo idaperekedwa kwa anthu onse mu 2005. Zonse ziwiri zimapatsa mmisiri zida zoikira mayankho oikiratu ndi zida zopimira mayankho. Koma kusankha yankho loyenera kuikiratu, ndi lamulo loyenera kupimira, n'kwa mmisiri yekha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani.

YANKHO LIMENE PALIBE ADALINENA

Mayankho oikiratu ali ndi ntchito yabwino. Mlembi amene akhala tsiku lonse pa sukulu imodzi kwa Kapondo sayenera kulemba mawu akuti Mchinji kokwana mazana awiri, kapena tsiku la lero pa fomu iliyonse. Makina akamuikiratu zimenezi, mzere umayenda msanga ndipo zolakwa za kutopa zimachepa.

Vuto ndi lakuti anthu sakonda kusintha chimene achipeza chitaikidwa kale. Mu 2003 akatswiri awiri, Eric Johnson ndi Daniel Goldstein, adafalitsa kafukufuku m'magazini ya Science wokhudza anthu ovomera kuti ziwalo zawo zidzathandize odwala iwo akadzamwalira. Ku Germany, kumene munthu ankayenera kulembetsa yekha kuti wavomera, ovomera adali 12 pa 100 alionse. Ku Austria, dziko loyandikana nalo ndiponso lolankhula chinenero chomwecho, kumene munthu ankawerengedwa kuti wavomera pokhapokha atakana, ovomera adali oposa 99 pa 100 alionse. Kusiyana konseku kudachokera pa yankho limene lamulo lidaikiratu. Ngati zili choncho pa nkhani ya thupi la munthu, kuli bwanji pa kabokosi kamene mlembi wotopa akukaona kachikwi?

Mayankho ena amaikidwa popanda munthu kufuna. Pa masamba a intaneti, mndandanda wosankhapo yankho limodzi umaonetsa dzina loyamba ngati mmisiri sadalamule zina, ndipo dzinalo limatumizidwa ku seva ngakhale munthu asadaukhudze n'komwe. Maboma 28 a dziko lino akandandalikidwa potsata malembo, Balaka ndiye amakhala pamwamba. Maiko a dziko lapansi akandandalikidwa m'Chingerezi, Afghanistan ndiye amatsogola. Motero mlembi akadumpha funso pa fomu yomangidwa mosasamala, mlimi wa mtedza wa kwa Kapondo amasanduka wa ku Balaka popanda wina kunena bodza. Makompyuta ambiri amawerenganso nthawi kuyambira pa 1 Januwale 1970, kotero kuti tsiku losalembedwa likatengedwa ngati ziro, makina amaonetsa kuti munthuyo adabadwa pa tsiku limenelo. Chimodzimodzinso ndi mapu: malo amene manambala ake adasiyidwa pa ziro amakaonekera pakati pa nyanja ya Atlantic, kumwera kwa Ghana.

Tsiku la 1 Januwale lili ndi mbiri yakeyake. Anthu ambirimbiri othawa nkhondo ochokera ku Somalia, Sudan, Afghanistan ndi maiko ena ali ndi zikalata zonena kuti adabadwa pa tsikuli, chifukwa alembi a m'misasa adalibe china choika pamene munthu sadadziwe tsiku lake. Akatswiri a kalembera wa anthu amadziwanso kuti kumene zikalata za kubadwa n'zosowa, zaka zothera ndi 0 kapena 5 zimachuluka mopitirira muyeso, pakuti wofunsa ndi wofunsidwa onse amathawira ku nambala yosavuta.

Kuyerekeza pakokha si tchimo, poti nthawi zambiri palibe njira ina. Tsoka limabwera pamene choyerekeza chasungidwa mofanana ndendende ndi chodziwika. Pakapita zaka zisanu palibe angathe kusiyanitsa munthu amene adabadwadi pa 1 Januwale ndi amene makina adampatsa tsikulo. Ndipo zaka za munthu si nkhani yochezera. Chitupa cha unzika chimayambira pa zaka 16, kuvota pa zaka 18, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayesedwa koyamba m'boma lomweli la Mchinji mu 2006, idakhazikitsidwa kuti ithandize mabanja osaukitsitsa amene akusowa anthu amphamvu zogwirira ntchito, ndipo powerengera, a zaka 19 mpaka 64 athanzi ndiwo ankatengedwa kukhala ogwira ntchito. Gogo uja akalembedwa kuti adabadwa mu 1950, ndiye kuti mu 2017 adali ndi zaka 67; akalembedwa 1955, adali ndi zaka 62. Zaka zisanu zimenezi, zosankhidwa m'kamphindi, zingathe kusintha m'mene banja lonse lionekera m'kaundula.

NZERU YOCHOKERA KU ZIPATALA

Yankho labwino la vutoli lidapezeka m'dziko momwe muno. Mu 2001, pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe chimene lero chimatchedwa Kamuzu Central, padayamba kuikidwa makompyuta okhudza ndi chala olembetsera odwala. Ntchitoyi idatsogozedwa ndi Gerry Douglas, ndipo idakula n'kukhala bungwe la Baobab Health, limene lidalemba ntchito achinyamata a Chimalawi omanga mapulogalamu. Wodwala akalembetsa, makina ankasindikiza kapepala komata kokhala ndi nambala yake, kamene kankamatidwa pa buku lake la kuchipatala. Mu 2006 njira yomweyi idayamba kugwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre posamalira anthu olandira mankhwala otalikitsa moyo, ndipo kenaka idafalikira ku zipatala zina zambiri. Mapulogalamu ake adamangidwa pa Ruby on Rails, ndipo kasungidwe ka kaundula kadatengera pulogalamu ya zaumoyo yotchedwa OpenMRS.

Amisiri a Baobab adadziwa kuti odwala ambiri ali ngati gogo wa kwa Kapondo, choncho adapatsa fomu yawo malo a "sindikudziwa". Funso la tsiku lobadwa adaligawa patatu, kuyambira chaka. Munthu akadziwa chaka ndi mwezi koma osadziwa tsiku, makina ankasunga tsiku la 15 la mweziwo. Akadziwa chaka chokha, ankasunga 1 Julayi. Akapanda kudziwa ngakhale chaka, mlembi ankafunsidwa kuyerekeza zaka za munthuyo, ndipo makina ankawerengera okha chaka chobadwa.

Masiku amenewa sadasankhidwe mwachisawawa. Tsiku la 1 Julayi lili pakati pa chaka, kotero kuti kulakwa kwake sikungapitirire miyezi isanu ndi umodzi, pamene 1 Januwale angathe kuphonya ndi chaka chathunthu. Tsiku la 15 nalonso lili pakati pa mwezi. Koma chofunika koposa chidali china: pambali pa tsikulo makina ankasunga chizindikiro chonena kuti tsikuli n'loyerekeza, ndipo poonetsa pa galasi ankaika zizindikiro za funso pa malo a tsiku ndi mwezi osadziwika. Dokotala woona buku la wodwalayo patapita zaka ankadziwa kuti chaka ndicho chodalirika, china chonse n'chongodzazira. Makina adapeza nambala yowerengera, ndipo choonadi sichidataike.

Framework ya Django imatsata mzimu womwewu mwa njira yake. Yankho limene mmisiri waika poyambira limangoonetsedwa pa fomu. Munthu akalifufuta n'kutumiza kabokosi kopanda kanthu, Django siibweza yankho lija mwakachetechete. Ngati funsolo n'lokakamiza, imanena poyera kuti pakusowa yankho. Chiphunzitso chake ndi chakuti chimene makina adaganizira ndi chimene munthu adanena ziyenera kukhala zinthu ziwiri zosiyana.

MLONDA WA PACHIPATA

Kupima mayankho kumachitika m'magawo. Gawo loyamba limafunsa ngati yankho ndi la mtundu woyenera: pa malo a nambala palowe nambala, pa malo a tsiku palowe tsiku limene lilipodi pa kalendala. Tsiku la 31 Juni kulibe. La 29 Febuluwale lidalipo mu 2000 ndi mu 2024, koma mu 1900 kudalibe, chifukwa chaka chothera ndi maziro awiri chimalandira tsikuli pokhapokha chikagawika ndi 400. Malamulo otere framework imawadziwa kale, ndipo mmisiri wanzeru sadzivutitsa kuwalembanso.

Gawo lachiwiri limafunsa ngati yankho n'lotheka. Munthu sangabadwe mawa. Wophunzira sangapeze mamalikisi 105 pa mayeso a 100. Namwino akalemba kuti khanda likulemera makilogalamu 32 m'malo mwa 3.2, makina ayenera kumuimitsa mayi asanachoke pa sikelo, makamaka chifukwa mlingo wa mankhwala a ana umatsata kulemera kwawo. Boma la Mchinji lili pafupifupi madigiri 14 kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati, ndipo pa makina kumwera kumasonyezedwa ndi kachizindikiro kochotsera. Woyeza mjigo akaiwala kachizindikiroko, mjigo wa kwa Kapondo umakaonekera ku Sudan.

Gawo lachitatu ndilo lanzeru koposa, pakuti limayerekeza mayankho awiri kapena atatu. Pa mndandanda wa maboma, Mchinji ali pakati pa Mangochi ndi Mulanje, ndipo chala chikaterereka pang'ono chimasankha boma lenileni koma lolakwika. Magawo awiri oyamba sangaone vuto, poti Mangochi ndi yankho lovomerezeka. Koma fomu yodziwa kuti Mfumu Kapondo ndi ya ku Mchinji imafunsa kuti zatheka bwanji. Pulogalamu ya DHIS2, imene idakonzedwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway ndipo Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, ili ndi malamulo a mtundu umenewu, monga lakuti opezeka ndi matenda sangachuluke kuposa amene adayezedwa.

Pali funso linanso: mlondayo aime pati? Kupima kochitikira pa foni kapena pa kompyuta ya wodzaza fomu n'kothandiza, chifukwa cholakwa chimaoneka nthawi yomweyo, ngakhale kumene netiweki ndi yovuta. Koma chipangizo chimenecho chili m'manja mwa wodzazayo, ndipo munthu wodziwa angathe kuchotsa malamulowo n'kutumiza chimene afuna. N'chifukwa chake Django ndi Rails zimapimanso mayankho onse pa seva, asanalowe m'kaundula. Mu 2012 katswiri wina wa ku Russia, Egor Homakov, adasonyeza poyera kuti tsamba la GitHub, lomangidwa pa Rails, linkalandira mayankho a mafunso amene sadali pa fomu n'komwe, ndipo mwa njira imeneyi adadzipatsa mphamvu zimene sadayenere kukhala nazo. Rails 4, imene idatuluka mu 2013, idakhazikitsa lamulo lakuti mmisiri atchule mayina a mayankho amene akuloledwa, ena onse asalowe.

PAMENE MLONDA AKANA MWINI NYUMBA

Mlonda wogona ndi woopsa, koma mlonda wouma mutu naye amawononga. Lamulo lililonse lopimira limachokera pa chithunzi cha munthu chimene mmisiri ali nacho m'mutu, ndipo anthu enieni salowa onse m'chithunzicho. Mu 2010 katswiri wina, Patrick McKenzie, adalemba nkhani yotchuka yondandalika zinthu zabodza zimene omanga mapulogalamu amakhulupirira zokhudza mayina a anthu, monga kuti aliyense ali ndi dzina limodzi losasintha, kapena kuti mayina onse amalembedwa ndi malembo a Chingerezi okha.

Achewa ndi Angoni a ku Mchinji ali ndi umboni wawo. Mayina monga Ng'oma, Ng'ombe ndi M'bwana ali ndi kankhodolera ka m'mwamba kamene mafomu ena amakana. Chifukwa chake n'chakuti m'chinenero cha SQL, chimene makina amalankhulira ndi nkhokwe ya kaundula, kachizindikiroka kamasonyeza pamene mawu athera, ndipo akuba amakagwiritsa ntchito kulowetsa malamulo awo mozembera. Mmisiri waulesi amangokaletsa. Koma framework yabwino imatumiza mawu a munthu padera ndi malamulo a makina padera, kotero kuti palibe chifukwa cholandira munthu dzina lake. Ng'oma akalembedwa Ngoma pa fomu ina, n'kukhala Ng'oma pa fomu inanso, makina amaona anthu awiri. Lembo la ŵ, limene lili m'dzina la Malaŵi ndi m'mayina ambiri a anthu, limakumananso ndi tsoka lomweli.

Kukhala m'malire kumawonjezera zina. Anthu a ku Mchinji ndi a ku Chipata ndi amodzi pa chinenero, pa maukwati ndi pa miyambo. Achewa amakumana ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, Angoni ku Ncwala kwa Mpezeni. Mwana wa Mmalawi angathe kubadwira ku chipatala cha Mwami kapena ku Chipata, ndipo fomu imene funso lake la kobadwira lili ndi maboma 28 okha imakakamiza mlembi kunama. Manambala ambiri a foni za m'manja a kuno amayamba ndi 088 kapena 099, a ku Zambia ambiri ndi 095, 096 kapena 097, ndipo onsewa ali ndi manambala khumi. Fomu yongowerenga kutalika kwa nambala siingathe kuwasiyanitsa, choncho uthenga umatumizidwa ndi +265 pamene pamafunika +260. Fomu yokana nambala iliyonse yachilendo imatsekereza kholo limene nambala yake yokhayo ndi ya kutsidya. Njira yolungama ndiyo kufunsa dziko, kuikiratu Malawi poti ambiri ndi a kuno, ndi kulola kusintha.

Chodziwika kwa onse ogwira ntchito za kaundula n'chakuti lamulo lokakamiza silibala choonadi chimene palibe. Fomu ikakana kupitirira popanda nambala ya foni, gogo wopanda foni amalembedwa nambala ya mdzukulu, ya nyakwawa, ngakhale ya mlembi mwiniyo. Kabokosi kamadzaza, makina amakhutira, koma kaundula wadetsedwa mwa njira imene palibe mlonda angaione. Pajatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake amisiri odziwa amasiyanitsa chosatheka ndi chodabwitsa. Chosatheka, monga 31 Epulo, chikanidwe. Chodabwitsa, monga munthu wa zaka 104 kapena mwana wa zaka 16 amene ali Sitandade 4, chifunsidwe kawiri, ndipo mlembi akatsimikiza, chilandiridwe. Uthenga wokana nawonso unene chimene chalakwika, pa kabokosi pomwepo, m'chinenero chimene wodzaza akumva, ndipo mayankho ena onse asafufutike.

Kufunika kwa zimenezi kwakula chifukwa makaundula tsopano amalumikizana. Mu 2018 chitupa cha unzika chidagwiritsidwa ntchito polembetsa manambala a foni ndiponso polembetsa mavoti. Mu 2020 ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP idayamba kuzindikira alimi pogwiritsa ntchito chitupa chomwecho pa malo ogulira feteleza. Cholakwa chimodzi cha pa tebulo la kalembera chimayenda ndi munthu ku banki, ku depoti ndi ku malo oponyera voti, ndipo kuchikonza kumafuna ulendo wa ku boma, ndalama ya kabaza ndi masiku amene akadathera kumunda.

ZIRO NDI MALO OPANDA KANTHU

Aphunzitsi amaidziwa nkhaniyi kuposa m'mene angaganizire. Wophunzira amene adalemba mayeso n'kulephera mafunso onse wapeza ziro. Amene adadwala malungo tsikulo sadapeze kanthu, ndipo malo ake ayenera kukhala opanda nambala, ndi mawu onena kuti kudalibe. Mphunzitsi akamuikira ziro, avereji ya mwanayo imagwa, ya kalasi imatsika, ndipo lipoti limanena za ulesi pamene padali matenda. Fomu ya makina imene imaikiratu ziro pa mzere uliwonse imachita cholakwa chomwechi kwa ana mazanamazana nthawi imodzi. Pa chipatala nazonso n'chimodzimodzi: ziro pa lipoti la mwezi amatanthauza kuti palibe adadwala, pamene malo opanda kanthu angatanthauze kuti lipoti silidafike. DHIS2 imalola woyang'anira kusankha, pa chinthu chilichonse chowerengedwa, ngati ziro asungidwe monga yankho lenileni.

Achinyamata otsiriza Fomu 4 ndiwo kawirikawiri amalembedwa ntchito za kanthawi zoterezi. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018, amene adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko lonse ndi oposa 600,000 m'boma la Mchinji, adachitika ndi matabuleti m'malo mwa mapepala, ndipo kafukufuku wa mabungwe ambiri akuyenda mwa njira yomweyo. Wachinyamata wogwira tabuleti ayenera kuwerenga kabokosi kalikonse kamene wakapeza kodzaza kale, ndi kudzifunsa ngati munthu amene ali patsogolo pake wanenadi zimenezo. Pofufuza zaka, zochitika zodziwika ndizo nyali: kubwera kwa Dr Banda mu 1958, zipolowe za mu Malichi 1959, ufulu wa 1964, referendamu ya 1993, njala ya 2002. Mafunso awiri kapena atatu otere, pamodzi ndi kuyerekeza ndi anzake amene adavinidwa nawo chinamwali, amafikitsa pafupi ndi choonadi kuposa nambala yothera ndi ziro. Ndipo asanatumize, awerengere mwini wake mokweza dzina, mudzi ndi chaka, pakuti safunsa adadya phula.

Ena mwa achinyamata omwewa adzapita ku makoleji n'kukhala amisiri omanga mafomu, monga adachitira anzawo a ku Baobab. Iwowa ali ndi mwayi umene mmisiri wa kutali alibe: adakula ndi agogo osadziwa tsiku lobadwa, ali ndi msuweni ku Chipata, ndipo amadziwa kulemba Ng'oma. Pa funso lililonse limene adzaike pa fomu, adzayenera kuganiza chimene chidzasungidwe munthu akapanda kulikhudza, ndani amene lamulo lake lidzamkane ngakhale akunena zoona, ndiponso kumene mlembi adzaike mawu a gogo wa kwa Kapondo akadzati sakudziwa. Gogoyo adzalembedwa chaka cha 1950 kapena chapafupi nacho, ndipo pambali pake padzakhala chizindikiro chouza aliyense wodzawerenga kaundulayo kuti chakachi chidachokera ku ulendo wake woyamba wa kuchitsime.